Dzimbiri Limene Ndinakwirira ku Tete

Kwathu kutapa ndi kuchotsa. Umatapa ufa m'thumba, umatapa mchere m'chitini, umatapa matope m'chitsime kuti madzi ayere. Ndinakula ndikudziwa choncho, ndipo panalibe wondiuza kuti ukangowoloka malire pa Zobwe mawu omwewa amatembenuka. Ku Tete, m'Chipwitikizi chawo chija, tapa ndi kuvundikira. Mawu amenewa ndi amene anandidanitsa ndi mlongo wanga, ndipo mpaka lero ndikawamva ndimapsa mtima.

Ntchito yanga ndi yowongola ndi kupenta magalimoto. Ndinaiphunzira ku Ndirande kwa mkulu wina wa pakamwa poipa koma wa manja abwino. Lamulo lake linali limodzi: dzimbiri silikwiriridwa. Ankati ukaona penti yatupa timatuza, dziwa kuti pansi pake chitsulo chadyeka kale malo aakulu kuposa kathuzako. Upale mpaka chitsulo chinyezimire. Pamene pabooka udule, uwotcherere chigamba chatsopano, upake penti yoyamba ija tsiku lomwelo chinyezi chisanabwerere, kenaka ndiye uganize za mtundu. Ukadumpha chimodzi mwa izi ankakugenda ndi chilichonse chimene chili m'manja mwake. Ine anandigendapo ndi sipanala, chipsera chake chilipo pachigongono.

Nditabwerera kwathu ku Lizulu ntchito inali yosowa. Ndinkangowongola njinga ndi mawilibala. Nthawi imeneyo nkhani pamsika inali ya malasha a ku Moatize, kufupi ndi Tete, akuti ndalama kumeneko zikuchita kutoledwa pansi. Amene anandikankha kuti ndipite ndi mlamu wanga Fabiyano, mwamuna wa mlongo wanga Esinati. Iwo amakhala tsidya la msewu, mbali ya Mozambiki, chifukwa kwathu malire a mayiko ndi msewu wa tala womwewo. A Fabiyano ankalima mbatata ya kachewere n'kumakagulitsa ku Tete pa magalimoto a eni. Anati magalimoto kumeneko achuluka kuposa amisiri, munthu wa manja ngati anga sangagone ndi njala. Esinati anandiphikira mbatata ya pa ulendo, mwana wake Tereza, amene panthawiyo anali asanayambe sukulu, anandinyamulira chikwama mpaka pamsewu.

Za kutentha kwa Tete sindinena zambiri, amene anafikako akudziwa. Chitsulo ukachisiya padzuwa sungachigwire ndi manja. Ndinapeza kachipinda m'dera lotchedwa Filipe Samuel Magaia, tinkagonamo amuna anayi, ndipo mwini nyumba ankatikumbutsa mwezi ndi mwezi kuti pali anthu a kumigodi amene akukafuna kachipindako. Apolisi akangomva kalankhulidwe kanga ankafuna mapepala, ndipo pepala lililonse limene ndawaonetsa linkakhala kuti si limenelo.

Ntchito ndinaipeza m'dera la Mpadue, pa garaja ina yotchingidwa ndi malata. Mwini wake sindimutchula dzina, lingandidetse m'kamwa. Tonse tinkangoti patarawu, ndiye kuti bwana. Bizinesi yake inali yogula magalimoto otopa kwa makampani ang'onoang'ono ogwira ntchito m'migodi, kuwapaka penti, n'kuwagulitsa ngati anamwali.

Tsiku loyamba ananditengera pa galimoto ina imene chitseko chake chinali ndi matuza m'munsi monse. Analoza n'kunena kuti, "Tapa."

Ndinasangalala. Ndinati m'mtima, uyu ndi bwana wodziwa ntchito, ndiponso Chichewa amachimva. Ndinatenga chopalira n'kuyamba kutapa dzimbiri lija. Ndinapala, ndinadula, pofika masana m'munsi mwa chitseko munali bowo loti mwana n'kupisapo mutu, m'mbali mwake chitsulo chili mbee. Ndinaima pambali kudikira kuyamikiridwa.

Patarawu atabwera anagwira m'mutu. Anatukwana m'Chipwitikizi, anatukwana m'Chinyungwe, anzanga onse ali gwaa ndi kuseka. Amene anandimvera chisoni ndi a Juwawo, mkulu wowotcherera zitsulo, Mnyungwe amene anakhalapo ku Mwanza nthawi ya nkhondo n'kubwerera kwawo mtendere utabwera. Chichewa ankachilankhula bwino, kungoti ankachithira mchere wa kwawo. Anandikokera kuseri n'kundifotokozera kuti tapa wa kuno ndi kutseka, kuvundikira kuti diso lisaone. Anandionetsa chitini cha masa, phala lija lomata pa galimoto limene likauma limalimba ngati mwala.

"Shamwali, kuno sitichiza," anatero. "Kuno timaveka."

Ndinakangana nawo. Ndinati masa ntchito yake ndi kusalaza pamene wawongola, osati kutseka bowo. Ukamata pamwamba pa dzimbiri, chinyezi chimatsekeredwa mkati, dzimbiri limapitiriza kudya mwakachetechete, ndipo tsiku lina chigamba chonse chimagwa. A Juwawo anati zonsezo akuzidziwa kuposa ine, koma ali ndi ana asanu ndi awiri.

Chimene chinkandinyansa kwambiri ndi bodza limene mzinda wonse unkakhulupirira, lakuti galimoto ya ku Tete sichita dzimbiri. Ogula ankabwera kuchokera ku Angonia, ku Tsangano, ngakhale kwathu, onse ndi nyimbo imodzi: kuno n'kouma, dzuwa limawotcha chinyezi chonse, dzimbiri ndi la magalimoto a ku Beira kumene kuli mchere wa m'nyanja. Patarawu ankaiyimba bwino nyimbo imeneyi. Koma ife ogona pansi pa magalimotowo tinkaona zina. M'migodi amathira madzi m'misewu tsiku lonse kuti fumbi lisabuke. Fumbi la malasha likasakanikirana ndi madzi limasanduka phala lakuda, limalowa m'kati mwa tchesi, mafupa aja onyamula galimoto yonse, n'kutseka timabowo totulutsira madzi. Kunja kuli ng'aa dzuwa, mkati muli chinyontho chaka chathunthu. Ndipo matope a malasha ndi owawa, amadya chitsulo msanga kuposa matope wamba. Akanamatsuka kunsi ndi madzi a mphamvu sabata ndi sabata, kutsegula timabowo tija n'kuthiramo oilo, bwenzi zili bwino. Koma ndani ankasamala galimoto ya kampani? Ankaiyendetsa mpaka itatopa, n'kuitaya kwa patarawu.

Ndinalimbana ndi patarawu miyezi ingapo. Ndinkapala mobisa, iye akatembenuka. Anandigwira kawiri, kachitatu anandiuza kuti pa geti pali anthu khumi ofuna malo anga, ndipo Mmalawi wopanda mapepala okwanira asamachite makani. Ndinaganiza za malata amene ndinali nditayamba kutumiza kwathu, ndinaganiza zobwerera kukawongola mawilibala anthu akundiseka. Ndinatenga chitini cha masa. Palibe anandigwira dzanja, ndinatenga ndekha, ndipo zimenezi ndi zimene zimandiwawa kuposa zonse.

Ndipo ndinakhala katswiri. Munthu wodziwa kuchiza ndi amene amadziwanso kubisa bwino. Ndinkasalaza masa mpaka ngakhale ine ndemwe ndikabwera m'mawa ndinkasowa pamene ndamata. Patarawu anayamba kunditchula mestre, mmisiri wamkulu, n'kumandionetsa kwa ogula. Masana tinkakhala pansi pa mtengo wa masawu ndi a Juwawo, tikudya nsomba youma ya chikowa, iwo n'kumandiseka kuti Mmalawi waphunzira Chipwitikizi, tsopano akudziwa tapa. Ndinkaseka nawo. Anali munthu wabwino. Nditadwala malungo ndi iwo amene ananditengera kwawo m'dera la Francisco Manyanga, akazi awo n'kumandiphikira phala mpaka nditadzuka. Koma pa nkhani ya dzimbiri tonse tinali akuba, ndipo tinkadziwa.

Kenaka inabwera pikapu ina yoyera. Pamwamba inali yooneka bwino, timatuza pang'ono m'mphepete mwa matayala basi. Nditalowa kunsi ndinachita mantha. Pamene masipuling'i a kumbuyo amagwirira ku tchesi, mbali ya kumanzere, chitsulo chinali chitafufuma n'kumasendeka ngati makungwa. Ndinabaya ndi sikuludiraiva, inalowa yonse. Ndinaitana a Juwawo, anayang'ana n'kupukusa mutu. Anati pamafunika kutsitsa bodi yonse, kudula tchesi, kuika chitsulo china mkati ndi kunja, ntchito ya masabata awiri. Tinapita limodzi kwa patarawu. Ndinamuuza kuti ichi si chitseko, awa ndi malo onyamula katundu yense, ikadzalemedwa pa mtsetse sipuling'i idzazuka ndipo galimoto idzagubuduka.

Anandiyang'ana ngati ndamupempha mkazi wake. Anati galimotoyo iyenera kukhala pa geti Loweruka, kenaka ananena mawu ake aja.

Ndinatapa m'Chipwitikizi. Bowo linali lalikulu moti masa sakanagwira okha, ndiye ndinafinyiramo mapepala a matumba a simenti, ndinayala kawaya ka khola la nkhuku, ndinamata masa, ndinasalaza, n'kupopera phula lakuda kunsi konse. Ndinawazanso fumbi pamwamba pa phulalo kuti lisaoneke latsopano. Bodi ndinaipenta yoyera mbee. Loweruka inali pa geti ikuwala. Ndinadziuza kuti mwina adzagula ndi munthu wa m'tauni wongonyamula mkazi ndi ana popita kutchalitchi. Sindinkafunsa kuti magalimoto athu amagula ndani. Ndinkaopa kudziwa.

Sabata yotsatira patarawu ananditumiza kutali kuseri kwa Moatize, ku kampu ina kumene kunali magalimoto ofunika penti. Foni kumeneko sinkagwira. Ndinakhalako masabata awiri. Nditabwerera ndinapeza pa geti palibe pikapu, ndipo a Juwawo sanandilonjere monga mwa masiku onse. Anazimitsa moto wawo wowotcherera, anavula magalasi, n'kundiuza kuti kunabwera munthu wa mbatata wochokera kumalire, ankafunsa za ine, ankati ndi mlamu wanga. Patarawu atamva zimenezo anamutengera pa pikapu ija n'kumuuza kuti imeneyi waikonza ndi mlamu wako ndi manja ake. Munthuyo sanalowe n'komwe kunsi, anangoigula. A Juwawo anati anayesa kumutsinira diso, koma patarawu anali pomwepo.

Ndinalowa mu ofesi ya patarawu osagogoda. Zimene ndinanena sindingazibwereze. Iye sanakwiye n'komwe, anangoti munthu amagula ndi maso ake, ndipo ngati pali chobisika m'galimotomo, wabisa si iye. Apo ndiye anandilasa, chifukwa zinali zoona. Ndinamuponyera ovololo yake patebulo. Chimene ndinatuluka nacho pa garaja ija ndi hamala yanga yokha, imene ndinabwera nayo kuchokera ku Ndirande.

Ndinaimbira a Fabiyano ndili pa geti pomwepo. Anayankha mosangalala, anati amafuna ndidzaione ndekha ikuyenda, n'chifukwa chake sanandiuze. Ndinawauza kuti asaikweze katundu, tchesi ndi yowola. Anaseka. Anati alamu musandiseketse, galimoto ya ku Tete ichita bwanji dzimbiri? Anati ayenda nayo kale kawiri ku Ulongwe yopanda vuto, ndipo mawa lake m'mamawa akutsika nayo ku Tete ndi mbatata, Esinati ndi ana akwera nawo kuti akaone mlatho wa Zambezi. Ndinakuwa pafoni mpaka anthu anatembenuka. Iwo anadula.

Ndinakwera minibasi, kenaka lole, kenaka kabaza. Ndinafika dzuwa litapendeka. Pikapu inali pabwalo pawo, matumba a mbatata atasanjidwa kupitirira denga, kumbuyo itakhala pansi ngati bakha. Anthu a m'mudzi anali atazungulira. Tereza, amene tsopano anali msungwana wa sukulu, anali atakwera kale pamwamba pa matumba kuyesa malo ake a mawa. Anandiona n'kukuwa kuti amalume abwera.

Anthu anali atasintha. A Fabiyano, amene kale ankandipatsa mpando ndi manja awiri, anandilonjera makiyi akuzungulira pachala. Esinati anali atavala nsapato za m'tauni pabwalo pake pomwe. Sindikuwanena, anavutika zaka zambiri kuti afike pamenepo, anagulitsa ng'ombe zawo zonse. Ndinawatengera pambali n'kuwafotokozera bwinobwino, mwaulemu. A Fabiyano anagwada, anasuzumira kunsi, anaona phula lakuda losalala, n'kudzuka akusansa fumbi m'mawondo. Ananena mokweza, kuti onse amve, kuti pali anthu ena amapita kunja zaka zambiri n'kubwerako ndi hamala yokha, ndiye akaona anzawo atukuka mutu umawawawa.

Ndinayang'ana mlongo wanga kuti andithandize. Iye anati, "Achimwene, ngati ndi nsanje, ipheni. Mwatichititsa manyazi pa anthu."

Ndinapempha kuti atsitse katundu, andipatse masabata awiri ndiikonze ndekha popanda kulipira kanthu. Anakana, anati mbatata siidikira. Ndinapempha kuti ana okha atsale. A Fabiyano anati ana ndi awo. Kwathu mawu amenewo sauzidwa malume, koma galimoto inali itawaphunzitsa chilankhulo china.

Ndinauza Tereza kuti atsike. Anatsika, chifukwa anali mwana womvera. Ndinatulutsa hamala m'chikwama, n'kuimirira pakati pa bwalo.

"Mvetserani nonse," ndinatero. "Ndikamenya apa mutuluka mapepala a simenti ndi waya wa khola la nkhuku. Ndikudziwa chifukwa ndinaikamo ndine."

Ndinagona chagada n'kulowa kunsi asanandigwire. Kumenya koyamba masa anasweka ngati mbale. Kachiwiri hamala inalowa yonse m'kati mwa tchesi. Ndinasolola mapepala aja n'kuwaponya pabwalo, kenaka waya, kenaka dzimbiri lodzaza manja awiri. A Fabiyano ankandikoka miyendo akutukwana, ine ndikumenyabe. Ndinkamenya patarawu, ndinkamenya malasha, ndinkadzimenya ndekha. Atandisolola, galimoto inalira kamodzi, chogwirira sipuling'i chinazuka, mbali ya kumanzere inakhala pa tayala, matumba atatu n'kugwa pansi pomwe ndinagona. Inali itaima pabwalo, osati ikuthamanga pa mtsetse wa ku Zobwe.

Ndinkaganiza kuti aona. Ndinali wopusa. Anthu anaona munthu akuphwanya galimoto ya mlamu wake ndi hamala, basi. Ena anati ikanayenda bwinobwino ndikanapanda kuimenya. Ena anati ngati ndinaikamo mapepala ndine, ndiye kuti chiwembu ndinachikonza kalekale ndili ku Tete. Esinati anatola pepala limodzi la simenti, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndi zoona kuti ndinaika ndine. Ndinavomera. Anafunsa kuti, ikanagulidwa ndi mlongo wa munthu wina, ndikanathamanga chomwechi?

Mbatata anagulitsa motchipa kwa mavenda a pa Lizulu. A Fabiyano anapita ku Mpadue kukadandaula, patarawu anawauza kuti galimoto inachoka pa geti ili bwino, akafunse amene anaimenya. Nkhani inapita kwa akuluakulu a mbali zonse ziwiri za msewu. Ndinabwerezanso kuti ndiikonza, a Juwawo anatumiza uthenga kuti abwera ndi makina awo kudzandithandiza kuwotcherera. A Fabiyano analumbira kuti dzanja langa silidzakhudzanso chinthu chawo. Amisiri ena amene anaitana anangomata zigamba pamwamba pa chitsulo chowola, sizinagwire. Pikapu ilipo mpaka pano, yakhala pa miyala kuseri kwa nyumba yawo, nkhuku zimaikiramo mazira. Penti yanga pa bodi ikadali yoyera, sinatupe ngakhale pang'ono. Ntchito ya pamwamba ndinaigwira bwino.

Malasha aja anadzazirala, ambiri amene tinapita nawo anabwerako. Ndinamva kuti patarawu anamanga nyumba ya alendo, ndipo anthu amamuvulira chipewa. Ine ndili ndi kashedi kanga pa Lizulu. Wobwera ndi galimoto ya matuza ndimamuuza kuti ndipala mpaka chitsulo chiyere, ngati akufuna zongomata apite kwina. Ambiri amapita kwina. Wofuna kugula galimoto ndimamuuza kuti alowe kunsi ndi maginito ndi sikuludiraiva, pamene maginito akana kugwira pali masa, ndipo akaona phula latsopano kunsi kwa galimoto yakale athawe. Amandiyang'ana ngati wamisala uja anaphwanya galimoto ya mlamu wake, chifukwa ndi mmene ndimadziwikira. Ngozi imene sinachitike ilibe mboni, ndiye ndikadziteteze ndi chiyani?

Esinati tikakumana pamsika amandipatsa moni wa mlendo. Chaka chatha Tereza anakwatiwa. Ine ndine malume ake, ndine ndinayenera kulandira anthu a kuchimuna, kukhala kutsogolo, kumulangiza. Anaitana msuweni wina wa kutali kuti akhale pa mpando wanga. Uthenga sunandifike, ndinangomva zoimbira.

Ndinatseka shedi, ndinasamba, ndinavala jekete. Ndinakaima m'mphepete mwa msewu, mbali ya kwathu, pamene mdipiti wa ukwati unkadutsa tsidya linalo. Ndinali nditakonza ndi mawu oti ndinene wina akandifunsa chimene ndikufuna. Palibe anandifunsa. Tereza anadutsa atavala zoyera, akuvina pang'onopang'ono, miyendo yake iwiri ili yonse, ang'ono ake awiri akumugwirira chovala kumbuyo, mayi ake akululutira patsogolo. Ndinawawerenga onse amene akanakwera pikapu ija, anakwana. Kenaka ndinabwerera kushedi, chifukwa ndinali nditasiya chitseko cha minibasi nditachipala, ndipo chinkafunika penti yoyamba dzuwa lisanalowe.